Manudozi a Moto ndi Lilime la Bambo

Lachitatu, pa 16 Julayi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ndipo kuzizira kuja munkadandaula kwachepako. Ndasankha kulemba kalata chifukwa mukaimba foni bambo amakhala pambali pomwepo, makutu ali tcheru, komanso mukudziwa kuti pakamwa panga pamalemera. Mnzanu uja anabweretsa katundu akuti anyamuka Loweruka, ndiye adzaitenga ndi iyeyo.

Katundu yense anafika: juzi yanga (manja ndi aatali pang'ono, koma ndikulira momwemo), mankhwala opaka maondo a bambo, ndi mapaketi asanu akuda aja a manudozi a ku Koreya. Zikomo kwambiri. Nkhani yanga ili pa mapaketiwo, koma ndiyambire kumbuyo, chifukwa pali zimene tinakubisirani.

Bambo atachira chifuwa chija tinakuuzani kuti zonse zatha. Sizinathe. Lilime lawo linafa. Mchere, shuga, ndimu, zonse ankati ali ngati akutafuna pepala. Ngakhale anyezi atapserera pamoto, fungo sankalimva. Kwa munthu wina zikanangokhala zosowetsa mtendere, koma bambo aphikira anthu a kufakitale kuja zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo simunawaonepo akuyeza mchere ndi supuni. Amangowaza ndi dzanja, kulawa pachikhatho, basi. Atabwerera kuntchito anagwira masiku atatu okha. Tsiku lachitatulo anathira mchere kawiri mumphika waukulu wa nyemba, ndipo anthu oposa zana limodzi anabweza mbale. Wina anakuwa pa windo la kantini kuti, "Madala, kodi mchere watsika mtengo?" Izi sanandiuze okha. Anandiuza ndi mayi otsuka mbale aja nditakumana nawo m'basi. Bwana wa kantini anawapatsa tchuthi china cha odwala, ndipo anayenera kubwerera dzana, Lolemba.

Poyamba m'mawa uliwonse ndinkawaona ataima pasinki, akuika kamchere palilime, maso ali otseka. Ankadikira, kenako n'kulavula. Patapita milungu itatu anasiya. Anasiyanso kulowa kukhitchini. Wophika ndinasanduka ine, iwo n'kumadya mpunga woyera ndi madzi, ati kuika ndiwo m'kamwa mwakufa ndi kuziwononga. Pa lamba wawo anaboola bowo lina ndi msomali. Ndikafunsa ankangoti, "A Chete, tsabola wakale sawawa. Werengani mabuku anu."

Lolemba la sabata yatha anandipatsa envulopu kuti ndikaisiye ku ofesi ya bwana wa kantini popita kusukulu. Sanaimate bwino, ndipo ndikuvomera, ndinaiwerenga ndili m'basi. Inali kalata yosiya ntchito. Mizere isanu yokha. Anathokoza, anapepesa za nyemba zija, n'kunena kuti mphika aupereke kwa wina. Ndinatsika pa geti la fakitale n'kuima pamenepo mpaka mlonda anandifunsa ngati ndabwera kudzafuna ganyu. Ndinati ayi, ndasochera. Kalatayo ndinaiika pakati pa buku la jogalafe n'kupita kusukulu.

Madzulo bambo anafunsa, "Wapereka?"

Ndinati, "Eya."

Achemwali, sabata yonseyo chikwama changa chinkalemera ngati ndanyamula njerwa. Sindinali ndi nzeru ina iliyonse. M'kalasi ndinkangowerengetsa masiku, chifukwa ndinazindikira mochedwa kuti ndaipitsa zinthu: Lolemba likakwana bambo osaoneka kuntchito, kalatanso palibe, akanalembedwa kuti anathawa, osati kusiya mwaulemu monga ankafunira. Kuipereka ndinkaopa, kuulula ndinkaopanso.

Ndiye Loweruka masana njala inandigwira, bambo ali pabalaza ndi wailesi yawo. Ndinakumbukira mapaketi anu. Zolemba zake ndi timabokosi ndi timawilo tokhatokha, choncho ndinatsatira zithunzi za kumbuyo. Choyamba chikuonetsa poto wa madzi owira ndi nambala 5, ndiye ndinati mphindi zisanu. Chachiwiri chikuonetsa madzi akukhuthulidwa, kutsala ochepa pansi. Chachitatu ndi chothira sosi n'kutakasa pamoto pang'ono, kenako kuwaza timbewu toyera ndi timasamba takuda tonunkha ngati nsomba, tili m'kapaketi kena. Ndinaphika mapaketi awiri.

Munandiuza pa foni kuti ndithire theka la sosi lokha. Ndinamva bwinobwino. Koma kapaketi kake n'kochepa ngati chala, ndipo ndinaganiza kuti mukundiyesabe mwana wa pulayimale. Ndinafinyira timapaketi tonse tiwiri, mpaka kutipinda ngati mankhwala otsukira mano akamatha. Zinatuluka zofiira moderako, zonyezimira, zokongola ndithu.

Foloko yoyamba inali yokoma, yotsekemera pang'ono. Ndinati mumtima, achemwali amakokomeza. Yachiwiri ndinameza. Yachitatu sinafike pakamwa. Moto unayambira pamilomo, n'kutsika kukhosi, n'kukwera m'makutu. Mamina, misozi, ntchilikwi, zonse nthawi imodzi. Ndinalowetsa mutu pansi pa mpopi, madzi akungowonjezera ukali.

"Wameza chiyani, iwe?"

Nditatembenuka ndinaona bambo ali pakhomo la khitchini, koyamba m'milungu isanu. Kuyankha sindikanatha, ndinangoloza poto. Mukuwadziwa bambo, sangadutse poto osasuzumira. Anatola kanudozi kamodzi, kukafinya ndi zala, n'kupukusa mutu.

"Wazifewetsa kwambiri. Ukanaphula mphindi imodzi isanakwane."

Ndinagwedeza manja kuti asayerekeze, koma anali atazunguliza kale foloko yodzaza. "Kwa ine zonse ndi pepala," anatero, n'kuponya m'kamwa.

Anatafuna kamodzi, kawiri, katatu. Thukuta linatuluka pamphumi ngati munthu wawawaza madzi. Maso anafiira. Ine ndinaiwala moto wanga, ndinakuwa, "Mwamva! Bambo, mwamva!"

Anapukusa mutu uku akupuma ndi pakamwa. "Uku si kulawa, mwanawe. Uku ndi kupsa. Utazipaka pamkono ungamve chimodzimodzi. Tsabola ndimamudziwa ine."

Kwa kamphindi kochepa ndinali nditaganiza kuti vuto lathu latha, ndipo apa linali lilipobe, ndi milomo yotupa pamwamba pake. Koma panalibe nthawi yodandaula, chifukwa moto unali utawafika penipeni. Anagwira m'mphepete mwa tebulo n'kunena, "Mkaka! Thiramo shuga, fulumira!"

Apa ndi pamene mundiseke. Mukukumbukira zitini za bambo. Mchere amasunga m'chitini cholembedwa SHUGA, chifukwa ndi chokhacho chimene dzanja lawo lonse limalowa, ndipo shuga amakhala m'chitini cha khofi chopanda chivindikiro chake. Ine ndakulira m'nyumba muno, zimenezi ndikuzidziwa ngati dzina langa. Koma maso anali odzaza misozi, mutu ukulira, ndiye ndinangokhulupirira zolembedwa. Masupuni atatu odzaza, kutakasa, kuwapatsa.

Anamwa mwamphamvu, n'kulavulira musinki mpaka mkaka kufalikira pawindo.

"Iwe! Ukufuna kundipha? Mchere wokhawokha uwu! Zaka zonsezi uli m'nyumba muno sukudziwa chitini cha..."

Anaima pomwepo, chala chili m'mwamba. Mpopi unali ukutayabe madzi, palibe amene anautseka. Anatenganso kapu ija pang'onopang'ono, ngati ingawathawe, n'kupsontha pang'ono. Anausunga m'kamwa nthawi yaitali.

"Mchere," anatero motsitsa mawu. "A Chete, uwu ndi mchere."

Kenako khitchini inasanduka msika. Anatsegula makabati onse. Shuga palilime: "Alipo, koma kutali, ngati wailesi ya anansi." Ndimu: nkhope yonse inakwinyika, ndipo sindinaonepo munthu akusangalala chonchi ndi chinthu chowawasa. Ananunkhiza anyezi, palibe. Ananunkhiza sopo, palibe. Mphuno idakali m'tulo, koma lilime ladzuka. Iwo akuti mwina linayamba kubwerera kalekale, kungoti munthu wodya mpunga woyera ndi madzi akanadziwa bwanji? Manudozi anu sanawachiritse ayi, musadzitame. Anangowakokera kukhitchini.

Atatopa anakhala pa kampando kotsika kaja, kapu ya mkaka wamchere ili m'manja. Kumwetulira kunazilala ndikuona.

"Lilime labwera, ntchito yapita," anatero. "Sabata imodzi yokha, ndikanadikira."

Ndinapita kuchipinda, ndinatulutsa envulopu ija m'buku n'kuiika patebulo pambali pa poto. Anaiyang'ana osaigwira.

"Sunapereke?"

"Ayi, bambo."

"Unati wapereka."

"Ndinanama."

"Unawerenga?"

"Eya."

Ndinayang'ana pansi, kudikira chilichonse chimene chingabwere. Bambo sanandimenyepo chimwalirire amayi, koma tsiku limenelo ndikanati ndi zoyenera. Anatsokomola, n'kuyamba kuwerenga ndi zala, mawu akutuluka mokhota chifukwa milomo inali itatupa ngati yolumidwa ndi njuchi.

"Milandu itatu. Kuwerenga kalata ya mwini. Kunamiza bambo ako. Kufewetsa chakudya chimene mlongo wako watumiza kuchokera kutali."

Pa mlandu wachitatuwo mawu anawathera. Anaphimba nkhope ndi kansalu kopukutira mbale, mapewa akugwedezeka, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati kunali kuseka kapena kwinako. Atachotsa kansaluko anati, "Ndi tsabolayu." Ine ndinavomera kuti ndi tsabolayo. Chilango changa chinali chakuti poto atheretu, chifukwa m'nyumba ya wophika chakudya sichitayidwa. Anandithandiza. Tinadya ndi buledi wathunthu ndi mkaka wa shuga weniweni, tikufwenthera ngati ana awiri okwapulidwa. Za zimene zinachitika Lamlungu m'mawa sindilemba m'kalata yopita kwa achemwali anga. Ndingoti chimbudzi chimodzi sichikwanira anthu awiri.

Lamlungu lomwelo masana, ndikusita yunifolomu yawo yoyera, anabwera n'kuima pambali panga. Apa sankaseka. Anati, "Zatikomera, koma usadzachitenso. Ukaona ndikulakwitsa, undiuze pamaso, ngakhale ndikalipe. Munthu sakhala chete pa zonse." Ndinalonjeza. Mwina n'chifukwa chake ndikulemba kalatayi.

Lolemba ananyamuka ine ndisanavale nsapato. Kusukulu sindinamve chilichonse, mphunzitsi wa masamu anandifunsa kawiri ngati ndikudwala. Nditaweruka ndinakhala pawindo, kuwerenga mabasi. Anatsika m'basi yachisanu ndi chimodzi, kachikwama kali paphewa, akuyenda mwa masiku onse. Akuti anamuuza bwana zoona zonse, za lilime ndi za mphuno zomwe. Bwanayo anawakalipira chifukwa chobisa, kenako anagwirizana kuti mayi otsuka mbale aja azinunkhiza miphika mpaka mphuno itadzuka. Mayiwo akuti tsopano akuyenda modzikuza, akudzitcha wachiwiri kwa wophika. Mbale sizinabwerere, dzulonso sizinabwerere. Bambo atalowa m'nyumba malaya awo ankanunkha anyezi ndi utsi. Iwo sankalimva fungolo, koma ine ndinalimva, ndipo ndinagona tulo tabwino koyamba m'masiku ambiri.

Tsopano zopempha. Choyamba, bambo akuti akuuzani okha Lamlungu mukaimba. Chonde mudzadabwe ngati simukudziwa, ndipo musadzawakalipire kwambiri, anachita manyazi okwanira. Ine mukhoza kundikalipira, ndazolowera sabata ino. Chachiwiri, mufunse wina wodziwa kuwerenga zolemba zija atiuze ngati nambala 5 ija ndi mphindi ndithu, chifukwa bambo akulimbikira kuti zinayi zikwanira, ndipo mapaketi atatu otsalawo awalanda, ati aphika okha, sosi theka.

Chachitatu ndi ichi, ndipo musakwiye. Pa chithunzi chimene munatumiza mwezi watha, muli m'chipinda chanu, kumbuyo kwanu kuli shelefu. Ndinachikulitsa. Pali mapaketi a manudozi okhaokha, ndinawerenga khumi ndi anayi, ndi kapu imodzi, ndi mbale imodzi. Wotchi yanu yatsikanso pamkono, kale inkagwira bwino. Bambo sindinawaonetse. Ngati pali zimene simungathe kunena pa foni, mnzanuyo akubweranso kuno mwezi wa mawa, mukhoza kumupatsa kalata. Ndikulonjeza kuti ya bambo ndidzapereka osatsegula.

Anansi athu a khomo loyang'anana akupereka moni, akuti mwana wawo wayamba kuyenda. Mayi otsuka mbale aja akuti muwakumbukire ndi mpango. Bambo akanapereka moni waukulu, koma akuganiza kuti ndikulemba za kusukulu. Ali kukhitchini pano, akukazinga, ndipo andiitana kachitatu kuti ndikanunkhize poto ngati sanapserere. Ndisiyire pomwepa asanabwere okha. Idyani bwino, Achemwali. Takusowani patebulo.

Ine mlongo wanu,

Chete