Mphezi Wakwera Kamiyawo

Lachinayi. Kwazizira tsiku lonse.

Mphezi wapita, kavalo wamphongo amene ndamusamala kuyambira ali mwana. Apatarau, abwana anga, amugulitsa ku khola latsopano la ku Manika kuti azikabereketsa akavalo aakazi. Ine ndazimva m'mawa, kamiyawo, galimoto yaikulu yodzamutenga, itaima kale pabwalo.

Anakana kukwera. Amuna anayi anamukoka ndi chingwe, iye n'kumangobwerera m'mbuyo, thovu lili kukamwa. Kenako apatarau anati, "A Fulansisiko, muitaneni ndinu, amamvera inu."

Ndikanakana bwanji, ntchito ndi yawo? Ndinalowa m'kamiyawomo n'kuimba kamluzu kamene ndimamuitanira chakudya. Anakwera yekha, n'kudzagunditsa mphuno pachifuwa panga.

Ndinatulukira pakakhomo kam'mbali, iwo n'kutseka kumbuyo. Woyendetsa ndinamuuza kuti Mphezi amaopa agalu, koma anali pafoni. Sindikudziwa ngati anamva.