Singano Imene Sindinaimve

14 Okutobala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ntchito ya mayunifolomu yachuluka moti makina sakupuma, koma si chimene ndakulemberani.

Lachiwiri ndikuvula nsapato, mkazi wanga anaona magazi pa sokosi. Singano inali italowa m'phazi lamanja, lomwe ndimapalasira makina, ndipo ndinali nditayenda nayo tsiku lonse osamva kanthu. Ndinaseka, n'kunena kuti phazi la telala ndi chikopa. Iye sanaseke.

Kuchipatala atandibaya chala, namwino anayang'ana kamakina kake nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati kwathu kuli wodwala shuga. Achimwene, ndinanama. Ndinati palibe. Pakamwa panakana kutchula bambo, chifukwa m'maso munangobwera mwendo wa thalauza lawo umene ndinaupinda n'kuusoka ndekha atawadula mwendo chifukwa cha shuga. Mkazi wanga ndiye anaulula, n'kutchulanso azakhali.

Adokotala anati mtundu wathu matendawa amaugwira msanga, ndipo zimenezo sindingazisinthe, koma zina ndaonjezera ndekha. Mukundidziwa: pampando kuyambira m'mawa, tiyi wa masupuni anayi, botolo la zotsekemera pambali pa makina. Ludzu ndi kukodza pafupipafupi zinayamba chaka chatha. Mutandifunsa pafoni kuti bwanji ndaonda, ndinati ndi ntchito.

Ndinawafunsa kuti, "Phazili lipulumuka?"

Iwo anati, "Mubwere pa 28 tidzaone bala. Musaphonye."

Sananene kuti inde.

Mankhwala ndayamba, ndipo tiyi ndikumwa wowawa ngati chilango. M'mawa uliwonse ndimatsina zala za phazi lija kuti ndione zimene zikumva. Lero zamva zitatu. Ndikuopa, achimwene. Ndikakhala pamakina ndimangoyang'ana pansi, mpaka dzulo ndinasoka kolala chagada.

Chonde mukayezetse sabata ino. Inunso mumaswera pampando wa lole, ndipo bambo athu ndi amodzi. Musanene kuti mukumva bwino, inenso ndinkatero. Amayi musawauze kaye, analira kokwanira ulendo uja.

Ngati abwana anu angakuloleni, mubwere pa 28. Mkazi wanga adzakhalapo, koma ndikufuna wina amene anawaona bambo akuyenda ndi miyendo iwiri.

Moni kwa alamu. Ana muwafungatire m'malo mwanga, ndipo maswiti ndinawalonjeza aja, muwauze kuti bambo aang'ono aiwala.

Ine mng'ono wanu,
Telala