Ndakulembani ntchito ku Bangula

Amayi, kumeneko mwadzuka bwanji? Kukutentha ngati kuno, kapena anakupatsani malo a pamthunzi?

Kwathu ku Tengani onse alipo. Mlongo wanga Linesi anabereka mwana wamkazi. Tamutcha dzina lanu, ndipo watengera ndi mmero womwe: akalira amamveka mpaka kuchigayo. Mapira tinakolola theka, theka linalo mbalame zinatithandiza. Mbuzi yanu yamawanga ija ikadali kudya zovala za eni pachingwe.

Koma chandigwiritsa cholembera ndi china. Ndakulembani ntchito osakufunsani, ndipo sindikudziwa ngati ndinachita bwino kapena ndinalakwa.

Digiri munaivutikira ija inathera popanga makina ofunsira zinthu m'masitolo, bokosi lachitsulo lotalika ngati munthu, lagalasi lodina ngati foni. Ndinaika bokosi lotere pakhonde la sitolo ya mbewu ndi mankhwala a ziweto ku Bangula, kuti mlimi aziona yekha mbewu imene yafika ndi mankhwala opopera thonje. Ndinaganizira zonse: sola, kadenga kotchinga dzuwa, zithunzi zothandiza osadziwa kuwerenga, ngakhale zala zonyowa za asodzi. Masabata awiri athunthu makasitomala anga anali mbuzi zodzagona pamthunzi wake.

Ndinafunsa mkulu wina wa kabaza kuti vuto n'chiyani. Iye anati, "Achimwene, chinthu chanuchi n'chamwano. Munthu wayenda mtunda wonsewu, icho chingoti 'Sankhani'. Chilibe moni?" Pomwepo ndinakumbukira mawu anu aja, akuti wofunsa njira asanapereke moni amalozeredwa kuthengo. Zimenezi ku yunivesite sanatiphunzitse, kapena ndinajomba tsikulo.

Ndinayesa kujambula moni ndi mawu anga, ndinamveka ngati wolengeza maliro pawailesi. Kenako ndinapeza uthenga wanu wamawu womaliza, uja munanditumizira pafoni ya Linesi: "A Injiniya, muli tani? Mwadya? Nenani, ndikumva." Ndinadula "a Injiniya", zotsalazo n'kuika m'makina.

Ndinaiwala kuti Bangula yense anagulapo milamba yowamba kwa inu. Tsiku loyamba mayi wina anadina, kumva mawu anu, n'kutaya dengu, liwiro. M'mawa mwake anabwera ndi anzake. Lero pamakhala mzere. Koma sakuona za mbewu, amayi. Inu mukati "Nenani", iwo amanenadi: za mwamuna wokakamira ku Mozambiki, za ng'ombe yotupa mimba, za ng'ona ya padooko. Ndawauza kuti makinawa alibe khutu. Akuti, "Ngakhale amuna athu alibe, koma timalankhula nawo." Akamaliza amathokoza m'Chisena kuti "Takhuta", n'kumapita osagula kanthu.

Mwini sitolo akuti anaitanitsa makina, osati kachisi, ndipo wandipatsa mpaka Lachisanu kuti ndikonze zimenezi. Amalume akuti ndakuimikani padzuwa ngati mlonda, munthu woti munapuma. Wondikalipira koposa ndi amayi aang'ono, mng'ono wanu a Esinta: "Iwe, sukulu inakudya mutu! Wakufa amagwira ganyu?" Ndinavomera kulakwa. Koma dzulo ndinawapeza eniakewo pamakinapo, atakwera kabaza kuchokera ku Tengani, akukukalipirani za mphika uja munabwereka osabweza. Anadina kanayi. Atandiona anapukuta m'maso, akuti ndi fumbi, kenako anafunsa chapansipansi, "Ukawachotsa, upita nawo kuti?"

Apa mutu waima, amayi. Makina osagwira ntchito yake ndi amene anthu awakonda. Wondiuza kuti ndikuchotseni ndi amene akukuyenderani. Mulipoti la kuntchito ndilembe kuti zatheka kapena zakanika? Pafomu pali mabokosi awiri okha.

Ndaganiza chonchi, mundikhululukire ngati ndikulakwanso. Lachisanu ndikupumitsani. Mawu anuwo ndiwaika mufoni ya amayi aang'ono, nkhani ya mphikayo mukamalizirane kunyumba. M'makina mulowa mawu awo. Avomera, bola ndisawauze zonena. Alimi a ku Bangula aziona.

Chatsala n'chimodzi. Uthenga uja sindinauyankhe. Ndinati ndiimba ndikamaliza ntchito, ntchitoyo inatha inu mutagona kale. M'mawa uliwonse ndimanamizira kuyesa makina. Ndimadina, inu mumandifunsa, ine ndimangoyang'ana mawaya chifukwa pamakhala anthu. Ndiye ndiyankhire muno momwe: ndili bwino, amayi. Ndadya.

Mvula isanagwe ndibwera kudzalambula pamanda panu, ndipo ndidzayamba ndi moni.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Injiniya wanu uja