Masamba amene ndinapatsa Mawanga

Amayi, kodi muli bwanji kumene muliko? Pepani chomene kuti ndikukuvutitsani pamene munapita kukapuma. Kalatayi ndayiyamba kawiri n'kuing'amba, chifukwa zilembo zikutuluka zokhota. Ndikulemba m'Chichewa chanu cha ku Kasungu. Pamene ndaphonya musandiseke.

Ndiyambe ndi zabwino, paja munkati mlendo salonjeredwa ndi misozi. M'bale wanga Tiwonge anabereka bwinobwino mu Julaye, mwana wamkazi, ndipo makutu ake ndi anu enieni. Chimanga cha kudambo tinakolola ngolo imodzi ndi theka. Khitchini sitinafolerebe, koma udzu ndinamweta kale.

Tsopano chimene ndalembera. Mawanga, mbuzi yanu ija munandisiyira, yagona m'khola kuyambira Lolemba. Ili ndi bere. Amene ndayidwalitsa ndine, ndi manja anga omwewa.

Inu mutapita ndinapeza ntchito ya m'dimba ku Boma, kwa a Nyagondwe, namwino wopuma uja ankakhala kutsogolo m'tchalitchi. Kumeneko ndinapeza mbewu ziwiri zimene sindinazionepo. Yoyamba ndi letesi. Ndi ndiwo zamasamba, zofewa kuposa mpiru, koma Amayi, amadya zosaphika. Amangotsuka, kuduladula ndi tomato, basi n'kuika patebulo. Tsiku loyamba ndinadikira kuti andituma kusonkha moto, koma ayi. Letesi savuta. Amafuna manyowa ambiri, madzi m'mawa ndi madzulo, ndipo miyezi iwiri isanathe wakula. Chimene amadana nacho ndi kutentha. Dzuwa likakula amatalika, amatulutsa phesi pakati n'kuyamba kuwawa.

Yachiwiri ndi timitengo ta maluwa totchedwa azaliya. Tilipo tisanu, m'migolo yodula pakati, pansi pa mtengo wa mango, ndipo anatitchingira ndi mpanda wa waya. Anatibzala ndi malemu amuna awo. Dothi lake anachita kukalitenga kumapiri, pansi pa mitengo ya paini. Madzi a pa mjigo satifuna, timamwa a mvula okha a m'thanki. Dzuwa la masana satifunanso. Zaka zonsezi tangondifika m'chiuno. Mu Ogasiti timitengoti tinachita maluwa ofiirira mpaka masamba osaoneka, ndipo ndinaima ndi kheni yothirira m'manja n'kumangotiyang'ana. Patapita masabata ochepa maluwa onse anayoyoka. Sitidyedwa, si mankhwala, ngakhale nkhuni simungatolepo. Ntchito yake ndi kuonedwa basi.

Ndinalakwitsapo kale kamodzi. Munkati phulusa ndi mchere wa nthaka, ndiye ndinatenga phulusa la kukhitchini n'kuthira konsekonse, osauza munthu, kuti adzaone kuti ndine wakhama. Letesi anakondwa. Azaliya masamba anasanduka achikasu. A Nyagondwe sanandikalipire. Anandiuza kuti azaliya amafuna dothi lowawasa, ndipo phulusa limapha kuwawasako. Tinachotsa dothi lapamwamba ndi manja, tsiku lonse. Kuyambira pamenepo ndinkatisamala ngati khanda. Ndipo mumtima ndinati, chinthu cholereredwa chonchi, chomwa madzi oyera kuposa amene timamwa ife, sichingakhale choipa.

Mukudziwa mmene kumakhalira mu Okutobala. Udzu wonse wapsa, mbuzi zikudya makatoni pamsika. Mawanga ndimaimangirira pakhomo chifukwa yalemedwa. A Nyagondwe anandilola kalekale kutenga zotsala za m'dimba. Lolemba tinazula letesi wowawa uja, ndiponso tinadulira nsonga za azaliya, popeza amadulira maluwa akatha. Ndinaona mulu wa masamba obiriwira uli pansi ndipo ndinamva mawu anu akuti chobiriwira sichitayidwa pakhomo pali mbuzi. Ndinalongedza zonse m'thumba limodzi.

Sindikubisirani, Amayi. Maganizo ofunsa anandibwerera. Ndinafika mpaka pa masitepe a khonde. Koma panali azimayi a mvano akumwa tiyi, onse ophunzira, ndipo ndinachita manyazi kufunsa za chakudya cha mbuzi pamaso pawo. Ndinangothokoza kuti yewo, n'kusenza thumba.

Mawanga inadya zonse, ikundinyambita m'manja. Dzuwa lisanalowe ndinaimva ikulira kulira kwina. Dovu linali chuchuchu kukamwa, ikukukuta mano, ikudzandira ngati munthu woledzera. Kenako inasanza zobiriwira. Chibadwire sindinaonepo mbuzi ikusanza. 

M'mawa mwake ndinakaitana alangizi a ziweto. Anakutumula thumba, anatola nsonga imodzi, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Anati kamtengoka ndi poizoni konse, masamba, maluwa, ngakhale uchi wa njuchi zotolapo ungadwalitse munthu. Anandiuza kusinja makala, kusungunula m'madzi n'kumaimwetsa pang'onopang'ono ndi botolo, pamthunzi. Anati zina zimadzuka pakatha masiku angapo, zina ayi. Anatinso nyama yake pasapezeke woidya.

Nditakawauza a Nyagondwe anakhala pansi pa dothi, ndi chitenje chawo chabwino chija, manja ali kumutu. Anati iwo ankayesa kuti aliyense akudziwa. Ine mpanda wa waya uja ndinkati ukuteteza maluwa kwa mbuzi. Kani unkatetezanso mbuzi kwa maluwa. Miyezi yonseyi ndakhala ndikusenzera madzi a mvula chinthu chakupha, ndikuchiphimba ku dzuwa, pamene letesi amene amadyetsa anthu ndi ziweto ndimamuzula ndi dzanja limodzi. Mpaka pano mutu wanga sukuzilandira. Munkakonda kunena kuti safunsa anadya phula. Amene sanafunse ndine, koma wadya ndi Mawanga.

Dzulo madzulo abambo aang'ono anabwera ndi mpeni. Mukuwadziwa. Anati mbuzi saisiya kuti ife yokha, amaizinga mpweya ukadalipo kuti nyama isaonongeke. Ndinawauza zimene alangizi ananena. Iwo anaseka, nati alangizi amadya ya kubutchala, ndipo poizoni amathera m'matumbo, matumbowo tikataya. Anatsegula chitseko cha khola.

Amayi, ine amene sindinawayang'anepo m'maso, ndinalowa patsogolo pawo n'kugwira mtengo wa chitseko. Ndinati, "Ayi, adada. Iyi ndi mbuzi ya amama, ndipo nyama yake ikalowa m'nyumba adya ndi Tiwonge amene akuyamwitsa." Mawuwo anatuluka okha. Iwo anadabwa kuposa ine. Anabweza mpeni m'thumba, nati andipatsa mpaka Lachisanu m'mawa, ikapanda kuimirira sadzandifunsanso.

Lero ndi Lachitatu. Kusanza kwasiya. Masana inadzutsa mutu, ndipo ndinaipatsa tsamba la letesi, lotsuka, limene ndinalitembenuza kawiri kuti ndione kuti ndi letesi yekha. Inanunkhiza tsambalo, inanunkhiza dzanja langa, n'kutembenuzira nkhope kukhoma. Zimenezo zandipweteka kuposa mpeni.

Inu munkangoika dzanja pamimba pa mbuzi n'kudziwa ngati mwana ali moyo. Ndayesa mbali zonse ziwiri. Nthawi ina ndimamva ngati chagunda, nthawi ina ndimaona kuti ndi dzanja langa lomwe likunjenjemera. Munkagwira pati? Ndipo Lachisanu ikakhala isanaimirire koma ikupumabe, ndiimenso pachitseko paja?

Ndikukulonjezani kuti sindidzasenzanso thumba ndisanafunse, ngakhale pakhonde patakhala abusa ndi mpingo wonse. Koma lero ndayamba kufunsa inu. Chonde ndiyankheni msanga, kaya m'maloto, kaya Mawanga ingolandira tsamba m'dzanja langa, ndidzadziwa kuti ndinu. Musapitirire mawa.

Ndine mwana wanu wokukondani nthawi zonse,
Lusungu