Kusaka Nyenyezi Zakufa

Lolemba, 3 Juni
Tsiku lonse pakompyuta, khosi lachita kuuma. Timadontho tosawerengeka timene setilaiti inajambula m'kuwala kwa UV, kuja maso sakuona. Kusefa basi. Milalang'amba uko, nyenyezi wamba uko. Ine ndikufuna zakufa, tinyenyezi toyera totentha ngati khala lotsala moto ukazima, ndi zina zija zinasendedwa chikopa ndi zinzake. Kanyenyezi kamodzi kandigwira mtima. Mu UV kali ngwee, pachithunzi wamba mpaka kutong'ola maso.
Amayi aimba foni. Abambo awagoneka m'chipatala, chifuwa chija.

Lachitatu, 5 Juni
Atipatsa usiku umodzi, wa Lachisanu, pa telesikopu ya kutsidya kwa nyanja, titapempha chaka chathunthu. Kwawoko kukada kuno ali masana, ndiye ndidzaiyendetsa ndili muofesi muno. Aprofesa ali kumsonkhano kunja, wina wodziwa makinawa palibe.
Ndawauza abambo kuti ndibwera Loweruka. Aseka mpaka kutsokomola. "Iwe mwana, ukusaka nyenyezi zakufa ife amoyo tikadalipo?"

Lachisanu, 7 Juni
Mitambo kutsidyako. Denga la telesikopu sanatsegule n'komwe. Akuti atisungira Lolemba. Ndakwiyira mitambo ya dziko limene sindinalipondepo.

Loweruka, 8 Juni
Sindinapite. Kwathu ndi ulendo wa tsiku lathunthu, basi itafera panjira pobwerera, Lolemba landiphonya. Achimwene pafoni: "Achemwali, mpweya akuchita kuwapatsa wa m'botolo." Ndati Lachiwiri m'mamawa. Chikwama ndalongedza kale, chili pakhomo.
Ndikuopa.

Lolemba, 10 Juni
Kwayera! Mizere ya kuwala kwa kanyenyezi kaja yatuluka pakompyuta yotakata bwino, monga ndinkayembekezera. Ndi kakufa ndithu, koyera, kotentha koopsa. Ndinavina ndekhandekha pakati pa mipando.
Foni ndinaithimitsa, ndi lamulo la aprofesa tikamayendetsa telesikopu. Poiyatsa ndapeza achimwene anaimba kambirimbiri. Ndaimba. Wayankha ndi mlamu, kumbuyo kwake kukumveka kulira.

Lachisanu, 14 Juni
Abambo tinawaika dzana. Amayi sanandikalipire, bola akanatero. Anangoti, "Ankafunsa anamwino ngati mitambo yako ija yachoka."
Lero uthenga wa aprofesa, sakudziwa kanthu. Akuti ndagwira ntchito yotamandika, ndipo kanyenyezi kameneka kadzatenga zaka mabiliyoni kuti kazizire.
Zaka mabiliyoni. Ine n'kumaopa kuti ndikaphonya Lolemba.