Ndikadzafika Sindidzatsika Msanga

Nottie Broadie,
Livingstone.

Okondedwa achimwene,

Mundikhululukire zilembo zokhotakhotazi ndi mawu olakwika, mukudziwa kuti sukulu sindinapite nayo patali. Muli bwanji ku Chadiza? Miyendo ya amayi ikutupabe? Kuno tili bwino. Alamu anu a Mukatimui apeza mphamvu, ndipo khanda likuyamwa moti layamba kulemera m'manja.

Ntchito ikuyenda. Kagalimoto kanga kakale kaja ndimanyamulira ziboliboli za anthu a ku Mukuni, ndipo sitigona ndi njala. Koma kakalemedwa, pachitunda kamafooka. Ndinalonjeza kuti mu Disembala ndidzabwera kudzatenga amayi adzaone mdzukulu wawo, ndiye ndikaganiza mapiri a ku Luangwa ndimaopa kuti kagalimotoka sikadzakwera.

Ndinafunsa amakaniko awiri za kuwonjezera mphamvu ya injini. Ba Mufalo akuti ndiike tabo. Kachipangizo kameneka kamazunguzidwa ndi utsi wotuluka mu injini, n'kumakankhira mpweya wambiri mkati. Mphamvu imachokera pa utsi wotaya, choncho dizilo sapita wambiri. Kungoti ukaponda moto kamayamba kaganiza kaye. Ba Inambao anaseka, amvekere tabo ndi mlesi wodzuka dzuwa litakwera. Iwo akuti supachaja, imene imakokedwa ndi lamba wa injini. Ukangoponda mphamvu ndi pomwepo, ngakhale mumchenga wa ku Simonga. Koma imamwa mafuta, ndipo kuno siipezeka wamba. Ba Mufalo anawafunsa ngati lambayo akadukira m'tchire ndidzamange ndi luzi.

Mtima wanga uli ku tabo. Koma ba Mufalo andichenjeza kuti ukayenda ulendo wautali suzimitsa injini nthawi yomweyo. Umadikira mphindi zitatu kuti tabo azizire, apo ayi amapsa. Kutsika n'kusiya injini ikulira sindingathe, chifukwa handibuleki siigwira ndipo pakhomo pathu paja n'potsetsereka.

Apa ndiye pandivuta. Taganizani, ndafika patatha zaka zinayi, amayi akubwera ndi ndodo yawo kudzandilonjera, ine ndili phee pampando, phazi pabuleki. Anthu sadzati Boniface wayamba kudzimva chifukwa cha galimoto? Alamu anu amandiseka kuti ndikulira maliro a munthu wamoyo, koma ine amalume ndimawadziwa, sadzaiwala.

Pempho langa ndi limodzi. Mukhale nawo pansi amayi, muwafotokozere kuti si mwano, ndi chitsulo chofuna kuzizira. Muwafunse ngati angandidikire mphindi zitatuzo. Akati zidzawapweteka mtima, ndiika supachaja, imwe mafuta mmene ingamwere.

Mundiperekere moni kwa amayi, amalume, alamu ndi ana onse. A Mukatimui nawonso akupereka moni.

Galimoto ili panja, sindinaikemo kanthu. Tabo kapena supachaja, sindinasankhe mpaka ndimve yankho la amayi.

Ndine mng'ono wanu,
Boniface