Mfuti ya a Chikopa idakali m'nyumba

Wokondedwa mwana wanga Esinati,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko pamodzi ndi ana. Kuno ku Bangwe tilipo, koma amayi ako sakudya bwino chiikireni m'manda mlongo wako Yohane.

A Chikopa amene anamuwombera aja awatulutsa. Apolisi akuti mfuti yawo ili ndi mapepala, komanso akuti ankayesa wakuba. Wakuba wanji dzuwa likuswa mtengo, munthu akutsata nkhuku yake yomwe inalumpha mpanda?

Loweruka tinali kumeta maliro. Tili mkati mometa, tinangoona galimoto ya a Chikopa yaima, dalaivala nkutsitsa thumba la ufa, ati chipepeso. Eni akewo osatsikamo ayi. Atsibweni ako anati, "Alamu, landirani, chipepeso sakana." Ine ndinati, "Mudye ndinu." Ndinalisenza ndekha ndi msana wanga wovutawu, nkukalikhuthula pageti pawo, agalu awo anyambite.

Pa wailesi akukangana zokhwimitsa lamulo la mfuti. Ena akuti amalonda azikhala nazo zodzitetezera. Oyankhulawo sanasambitsepo mwana wawo wobooka pachifuwa. Ine ndikuti boma lilande zonse, liyambire ya a Chikopa, yomwe idakali m'nyumba yoyang'anizana ndi yathu.

Usanditumizirenso bulangeti. Funsa anzako akunowa andipezere loya wosaopa anthu olemera. Abusa akuti ndikhululuke, ndawauza kuti wakupha mwana wangayo ayambe wamangidwa.

Mulungu akusunge iwe ndi adzukulu anga. Ine ndikumupempha chimodzi chokha: asanditenge ndisanaone munthu ameneyu ali pa unyolo.

Ndine bambo ako.